Kompyuta Yanga Sinavale Chikasu

Iwe Tadala, bwera nayo kuno foni yangayo. Usabise kumbuyo, ndakuona kale. Ndakupatsa kuti undiikire mayunitsi basi, tsono taona zimene wachita. Pamene panali pakuda bii waikapo maluwa achikasu, malembo wawachepetsa, dzina la abusa sindikulipeza. Ati, “Ndimafuna izioneka bwino, agogo.” Izioneka bwino kwa yani? Khalani pansi nonse, ana inu. Iwenso Yankho leka kusekako, tenga lichero ilo uzisenda nandolo uku ukumvera. Simukudziwa kuti agogo anu ano anaikapo ntchito yawo pachiswe chifukwa cha mtundu wa sikirini.

Ine ndinali taipisiti, ndipo osati wamasewera. Ndinkagwira pa kampani ina ku Makata yopanga zidebe, mabeseni ndi mbale zapulasitiki. Inu mumangosisita galasi ndi chala mawu n'kutuluka, mwinanso foniyo n'kukumalizirani mawuwo ngati ndinu odwala. Ife tinkamenya. Makina otaipira anali achitsulo, kuwanyamula ndi anthu awiri. Riboni yake inkatidetsa zala, ndipo ukafuna makope atatu unkaika kaboni pakati pa mapepala n'kumenya mwamphamvu kuti la pansi lioneke. Ukalakwitsa chilembo chimodzi kumapeto kwa tsamba, basi, yambanso. Mapewa anga awa amawawa kukazizira chifukwa cha makina amenewo, koma sindiwanena zoipa. Ndi amene anatichotsa muno mu Ndirande n'kukatikhazika ku Chitawira, m'nyumba ya lendi yokhala ndi mpopi mkati momwemo.

Makompyuta anabwera matipate atakhazikika kale. Anali anayi, sikirini yake yachimsana chachikulu kumbuyo, yodzaza theka la desiki. Kunabwera mayi wina kudzatiphunzitsa sabata imodzi. Tsiku loyamba anatikwezera kanthu kokhala ndi chingwe, nati aka dzina lake ndi mausi, ndiye kuti mbewa. Mnzanga Asiyatu, amene tinkakhala naye desiki moyandikana, anabweza dzanja msangamsanga.

“Ine Msilamu ndigwire mbewa? Asisi, gwirani ndinu, kwanu ndi ndiwo zimenezi.”

Tinaseka mpaka mphunzitsi uja anakwiya. Pochoka anatisiyira lamulo limodzi: tizitsegula potaipira, tizitaipa, tizisunga pa disiketi, tizitseka. China chilichonse osakhudza.

Kutaipako sikunandivute. Vuto linali maso. Tsamba lake linali loyera mbee, lowala ngati malata atsopano masana, ndipo timalembo tinali tating'onoting'ono. Pofika nthawi ya nkhomaliro misozi inali chuchuchu, mutu ukuwawa. Magalasi ndinali nawo, koma kuwala kuja sankakuletsa. Ndiye nthawi yomweyo kunali mphekesera yoti kampani ichepetsa anthu, ndipo pageti pankaima atsikana ochokera kusukulu za makompyuta atanyamula mapepala awo m'maenivelopu. Ine kukanena kuti maso akundivuta kukanakhala kuwapatsa mabwana mpeni ndekha. Mayi anu Lonjezo anali fomu folo, malume anu awiri akadali ku pulaimale, ndipo agogo anu aamuna ntchito yawo ya umakaniko inali ya lero ilipo mawa palibe. Ndinangokhala chete, kumapukuta misozi ndi hanki n'kumanamizira chimfine.

Tsiku lina chala chinaterereka. M'malo modina batani la kumanzere pa mausi paja ndinadina la kumanja, pamalo popanda kanthu. Panatuluka kabokosi ka mawu. Ndinati ndawononga katundu wa kampani. Koma mukundidziwa ine, chitseko chikatseguka chokha sindibwerera. Ndinadina mawu a pansi penipeni, ndipo ndinapezeka ndili m'chipinda chovalira cha kompyuta. Mitundu yonse inali mmenemo, kukula kwa malembo, maonekedwe a kumbuyo, zonse. Kodi chinthuchi chimasintha zovala, ndiye mayi uja osatiuza?

Kuyambira tsiku limenelo nkhomaliro ndinkadyera padesiki. Anzanga akapita kukagula chipisi kuseri kwa mpanda, ine ndinkatsala ndi chinangwa changa chophika n'kumayesa. Poyamba ndinalakwitsa, malembo ndinawaika akuda pamalo pakudanso, zonse zinazimirira. Ndinapemphera m'Chilomwe cha mayi anga chimene ndinali nditaiwala kale, ndikufufuza mumdima muja mpaka zinabwerera. Koma mapeto ake ndinapeza chovala chondiyenera. Kumbuyo konse kwakuda bii. Malembo obiriwira, akuluakulu. Kamzere ka pamwamba pa windo imene ndikugwiramo ndinakaika kofiira kuti ndisamasochere. Kamuvi ka mausi, kamene kankandithawa ngati kamwana kosamvera, ndinakakulitsa n'kukachepetsa liwiro. Tizithunzi totsegulira zinthu ndinatisanja mmene ndimasanjira mukabati, zatsiku ndi tsiku pafupi ndi dzanja, kabini ka zinyalala uko kukona ya pansi, poti dzala salikumba pakhomo.

Panalinso kena kokoma. Ukaisiya kompyuta kanthawi osaigwira, pasikirini pankayamba kuyenda mawu amene walembamo wekha. Ine ndinalemba kuti: MAYI NAMAKHWA AKUBWERA, MUSAGWIRE. Iwe Tadala, mawu amenewa ndiwaikenso pafonipo kapena?

Misozi inaleka. Mutu unaleka. Ndinkataipa mpaka kuweruka ndili bwinobwino, ndipo palibe anadziwa chifukwa chake chenicheni kupatula Asiyatu. Ena ankangoti Mayi Namakhwa ndi wa mafashoni. Posakhalitsa anayamba kundipempha. “Asisi, tandivekereniko yanga.” Ya Asiyatu ndinaiveka mtundu wa mpango wake wa Lachisanu. Wa maakaunti anafuna chithunzi cha njerwa, poti ankamanga nyumba ku Machinjiri imene sinkatha. Mawu oti kuveka anakhazikika mu ofesi monse, aliyense ndi chovala cha kompyuta yake.

Tsono apa mpamene alowere a Chikopa, ndipo kuti muwamvetse ndiyenera kubwerera m'mbuyo.

Inu munabadwa mukuvala zimene mukufuna. Iwe Yankho wavala thalauzi apa, long'ambika dala m'mawondo, palibe wakugwira. Nthawi ya chipani chimodzi mkazi thalauzi sankavala, siketi inkayenera kubisa mawondo. Kukakhala msonkhano ankatitseketsa maofesi, kutikweza malole, kutiveka nsalu ya chipani, n'kukativinitsa padzuwa kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa. Sunkafunsidwa ngati ukufuna. Ndipo pageti pa msika wa Ndirande uno pankaima anyamata ovala malaya ofiira, kufunsa khadi la chipani. Wopanda khadi, tomato sugula. Tsiku lina ndinapita kumsikako ndili ndi pakati pa mayi anu, mimba ili apa. Ndinaonetsa khadi langa. Mnyamata wina wamtali, wa mpata m'mano, analoza mimba yanga ndi kandodo nati, “Nanga la uyu lili kuti?” Anzake anaseka. Anandiimika padzuwa pomwepo mpaka ndinagula khadi la mwana wosabadwa. Ndinalira njira yonse, osati chifukwa cha ndalamayo, koma kandodo kaja.

Mnyamata ameneyo ndiye a Chikopa. Patapita zaka ndinawapeza ali bwana woona za antchito pa kampani yathu, mimba itatuluka, mpata wa m'mano uli pomwepo. Iwo sanandikumbukire, poti olozedwa ndi kandodo tinali ambiri. Mphepo itatembenuka, chipani cha mtundu wachikasu n'kulowa m'boma, a Chikopa anadzuka m'mawa ali achikasu. Tayi yachikasu, hanki yachikasu, cholembera chachikasu. Asiyatu ankati ngakhale mango bwanayo amadya akupsa okhaokha, aawisi amawaopa mtundu.

Chisankho chachiwiri chikuyandikira, kunamveka kuti kubwera mkulu wina wa chipani cholamula kudzaona fakitale. Ankafuna zidebe zambirimbiri zachikasu zokagawa m'misonkhano. A Chikopa anachita ngati kwabwera ukwati. Miyala ya m'mbali mwa msewu anaipaka chikasu, mitengo ya pageti chimodzimodzi. Kenako Lachiwiri analowa mu ofesi mwathu.

“Mayi Namakhwa, ndamva kuti telala wa makompyuta muno ndinu. Pofika Lachisanu onse avale yelo.”

“Amene eniake afuna ndiwaveka, bwana.”

Anazungulira desiki kudzaona yanga. Anaima. Anavula magalasi, n'kuvalanso.

“Ichi n'chiyani? Chakuda, chofiira, chobiriwira! Mayi, mukufuna kutiphera bizinesi? Kani inu mukadali a chipani chakale eti?”

Ana inu, ndikulumbira, kufikira nthawi imeneyo ndinali ndisanaganizepo n'komwe kuti mitundu itatu ija ndi ya chipani chakale. Ine ndinkangofuna kuona. Koma kumva mawu amenewo akutuluka pakamwa pa munthu wa kandodo uja, magazi anandikwera kumutu. Ine wa chipani chakale? Ine?

“Bwana, mitundu imeneyi ili pa mbendera ya dziko ili panja apo. Nayonso tiitsitse?”

“Musandiphunzitse ndale, mayi. Iyi ndi kompyuta ya kampani, si chitenje chanu. Lachisanu ikhale yelo, apo ayi mudziwa kuti pageti pali atsikana akudikira.”

Anatuluka. Anzanga awiri anabwera mwamanyazi kuti ndiwasinthire, ndipo ndinawasinthira, poti zinali zawo. Asiyatu ananditsatira kumpopi kumene tinkatsukira makapu.

“Asisi, tamverani. Kumbuyo kusiyeni kwakuda komweko, maso anu asavutike. Mungosintha malembo okhawo akhale achikasu, kofiirako muchotse. Tsiku limodzi basi. Loweruka mubwezera.”

Anali ndi nzeru Asiyatu, Mulungu ause mzimu wake. Ndipo ndikuuzeni zoona, malembo achikasu pamalo pakuda ndinali nditawayesapo kale, amaoneka bwino zedi. Chipanda a Chikopa kulamula, mwina tsiku lina ndikanawaika ndekha. Koma tsopano sanalinso malembo. Inali nsalu ija.

“Asiyatu, kovina kuja ankatinso tsiku limodzi.”

“Ndiye auzeni za maso.”

“Kuti andichotse ngati wakhungu? Bola andichotse ngati wamwano.”

Kunyumba agogo anu aamuna anamvetsera nkhani yonse akusamba girizi m'manja. Anali munthu wofatsa, koma tsiku limenelo anakweza mawu.

“Amake Lonjezo, mtundu amadya? Mwana ali pafupi kulemba mayeso, inu mukulimbana ndi utoto wa pagalasi? Munthu akakhala ndi mpeni kuchigwiriro, iwe wagwira kukuthwa, sukoka.”

“Abambo, ine ndinakokedwapo mokwanira. Tinavotera nyali pa referendamu kuti zimenezi zithe. Zikangosintha mtundu basi, ndiye tinaimiranji pamzere?”

Anadya, nakagona moyang'ana kukhoma. Ndisakunamizeni kuti sindinaope. Ndinaopa kwambiri. Lachinayi kawiri konse ndinatsegula chipinda chovalira chija, kamuvi kali pa chikasu, chala chili pabatani. Kawiri konse ndinaona kandodo, n'kutseka.

Lachisanu ndinavala diresi yanga ya buluu wakuda, ya kutchalitchi. Nditalowa mu ofesi ndinapeza masikirini atatu akuwala chikasu, ndipo yanga itafundidwa chitenje chachikasu chatsopano, kuyambira pamwamba mpaka pa kiyibodi. A Chikopa anali ataima pambali pake.

“Yanu lero yawonongeka, mwamva? Alendo akafunsa, tikudikira wokonza. Inu mungokhala apo, mupinde manja.”

Ndinaika chikwama pansi. Ndinachotsa chitenje chija pang'onopang'ono, kuchikutumula, n'kuchipinda bwinobwino mmene timapindira nsalu ya mphatso. Ndinawapatsa ndi manja awiri, mawondo nditawapinda pang'ono, poti makolo anga anandiphunzitsa ulemu.

“Bwana, nsalu yabwinoyi kawapatseni amayi kunyumba. Ine ndinavekedwapo kale. Ndipo khadi lija munandigulitsa pageti pa msika wa Ndirande, la mwana wa m'mimba, mwiniwake ali fomu folo tsopano. Akupereka moni.”

Nkhope yawo inagwa. Anayang'ana uku ndi uku, anthu onse maso ali pa iwo. Ine ndinakhala pampando, kuyatsa kompyuta yanga. Inalira kanyimbo kake koyakira, n'kutulukira yakuda bii, malembo obiriwira, kamzere kofiira pamwamba. Ndinayamba kutaipa.

Mukufuna kudziwa zimene mlendo uja ananena ataiona? Palibe. Anafika mochedwa, ali ndi gulu la anthu, thukuta lili kamukamu. Anadutsa mu ofesi mwathu akulankhula ndi mnzake, naika botolo lake la chakumwa padesiki panga penipeni, pafupi ndi sikirini. Anaiyang'ana kamodzi n'kufunsa kuti, “Kodi izi zimaonetsa mpira?” Anthu anaseka, iye anatenga botolo lake napita kukaona zidebe. Zidebezo anagula. Utoto wonse uja, mantha onse aja, mwini chikasu sanazione n'komwe.

Koma madzi saiwala khwawa. Kutha kwa mwezi kampani inachepetsadi anthu, ndipo dzina loyamba kuitanidwa linali langa. Chifukwa chake ati kusamvera. Ndinatuluka pageti mutu uli m'mwamba, ndinawapatsanso moni atsikana a maenivelopu aja. Kulira ndinakalirira pa mlatho wa Nasolo, ndekha, ndipo ndinalira kwenikweni. Zinandipweteka, ana inu. Ntchito ija ndinkaikonda, ndipo kompyuta ija ndinkaikonda ngati munda umene walima wekha.

Nyumba ya ku Chitawira tinaisiya. Tinabwerera muno mu Ndirande, kukatunganso madzi kukiyosiki ndi chidebe pamutu, china mwa zidebezo chochokera kukampani komweko. Ndinagula makina akale otaipira n'kukhala pakhonde la sitolo ya mlamu wake wa Asiyatu, kumataipira anthu makalata ofunsira ntchito. Mayi anu analemba mayeso akuwerengera koloboyi, anakhoza, koma kukoleji anadikira zaka. Zimenezo ndimazidziwa, palibe chifukwa chondikumbutsa. Agogo anu aamuna anatha milungu akungondiyankha ndi mphuno. Kenako tsiku lina anabwera ndi riboni yatsopano ya makina aja m'thumba la ovolosi, naiika patebulo. Nkhani inathera pomwepo.

Chimene chinandiseketsa ndi uthenga wa Asiyatu. Ati desiki yanga inakhala yopanda munthu kwa kanthawi, koma m'mawa uliwonse ankaiyatsa kompyuta ija dala. Ndiye a Chikopa akamadutsa ankapeza mawu akuyenda pamdima paja pang'onopang'ono: MAYI NAMAKHWA AKUBWERA, MUSAGWIRE. Ati ankafulumiza mwendo.

Tsono pali chimodzi chimene a Chikopa anamwalira osachidziwa. Mayi anu ndinawauza atakula, lero ndikuuzani inu. Pa chisankho choyamba chija, ine ndinavotera chikasu. Ndinadzuka m'mamawa, kuima pamzere ndi mtima wonse, ndipo atapambana ndinavina mumsewu popanda wondikweza lole. Mu ofesi monse muja mwina wachikasu weniweni ndinali ine. Mayi anu atamva anagwira pakamwa.

“Amayi, nanga bwanji simunangowauza? Bwenzi ntchito isanathe!”

Ndinawayankha kuti, mwana wanga, ndikanawauza, ndiye kuti ndaonetsanso khadi pageti.

Iwe Yankho, nandolo uja wasenda kapena wangotsegula pakamwa? Tsono Tadala, sendera kuno, ukhale pamene ndikukuona. Bwezera mmene zinalili. Kumbuyo kwakuda, malembo akuluakulu, dzina la abusa pamwamba. Eya, choncho. Maluwa akowo usawataye, asunge penapake, ndi okongola ndithu. Mawa ukadzuka udzandipemphe bwinobwino, mwina ndidzawaika ndekha.